Ubongo wa mbewa mu firiji ya Baba Kamau

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kutchalitchi, ee, kutchalitchi ku Kawangware. Amuna anga ankayendetsa galimoto ya amishoni kuno ku Nairobi, ine ndili khale pakhomo. Asisitere ena anandiuza kuti kuli mayi wa ku Sipeini akufuna munthu wosaopa mbewa. Ndinaseka mpaka misozi. Mwana wa ku Dedza kuopa ndiwo?

Mayiwo anali a Dokotala Inesi, achitsikana, nsapato zakutha. Ankafufuza matenda oiwala, aja amalanda nkhalamba mayina a ana ake. Kwawo anawamana thandizo, ati ndi mwana, ati ndi mkazi, ndiye anabwereka kachipinda kuno.

Ine ndinkadyetsa mbewa zoyera, kutsuka timagalasi, uku ndikuimba. Mbewa ikakalamba, iwo ankachotsa ubongo, kakang'ono ngati mtedza, n'kuusunga mu firiji. Kenako makina ankausenga tizidutswa topyapyala kuposa khoko la anyezi. Ine ndinkatola ndi kaburashi, kuyala pagalasi, mpweya nditaugwira. "Pang'onopang'ono, Mama Tadala," ankatero.

Ndalama zinatha. Akapempha uku, ayi. Akapempha uko, ayi. Anagulitsa galimoto, tinayamba kupanikizana limodzi m'matatu, maminibasi a kuno. Tsiku lina m'mawa eni nyumba anati pofika masana adula magetsi, atseka chitseko. Ubongo ukasungunuka umangokhala phala, ndipo kudikira mbewa zina kuti zikalambe ndi zaka.

A Dokotala sanalire. Anangondifunsa ngati ndikudziwa firiji yaikulu kulikonse. Ndinkadziwa imodzi, ya Baba Kamau, wogulitsa nyama pamsika wathu. Tinalonga timabotolo ta ubongo m'bokosi la ayezi, ndinasenza pamutu. Tili m'matatu, magalimoto anathinana pamsewu, dzuwa likuswa, madzi akudonthera pachitenje changa, ndo, ndo. Ine kuimba, kuti mtima usathawe.

Baba Kamau atamva kuti ndi ubongo, anabwerera m'mbuyo chimpeni chili m'manja. Anati za ufiti pabucha pake ayi, makasitomala akamva athawa onse. Ndinachonderera, ndinatchula zaka zimene ndagula mafupa pamenepo, osatheka. A Dokotala sanakangane nawo. Ndi Chiswahili chawo chothyokathyoka anangofotokoza matenda amene akufunafuna mankhwala ake, a munthu wosochera pakhomo pake pomwe.



"Mayi anga dzulo anandifunsa kuti ndine mwana wa yani," anatero Baba Kamau. "Anthu akuti ndi mfiti."

"Si mfiti," anayankha a Dokotala. "Akudwala."

Baba Kamau anatsegula firiji, anasuntha miyendo ya mbuzi, anaika bokosi lathu pakona n'kuphimba ndi thumba. Linakhala mmenemo mpaka mvula inabwera, mpaka bungwe lina linavomera kutithandiza. Palibe kabotolo kanawonongeka, ngakhale kamodzi!

Mayi a Baba Kamau sanachire, mankhwalawo mpaka lero akufunidwabe. Koma mwana wawo analeka kuwatsekera m'nyumba, ankawakhazika pampando pabucha, aliyense wowanena ankamubweza ndi nyama yake yomwe. A Dokotala pano ali ndi imvi, ali ndi ophunzira odzaza chipinda.

Ine ndili ndi adzukulu, ndipo m'mawa uliwonse ndimaimba mayina awo, onse, osadumpha. Wina akabwera akulira kuti amukana, ndimamuuza zimene ndinaphunzira tsiku lija: akakutsekera chitseko, usayambe ndi kulira. Senza bokosi ayezi asanasungunuke.