Atate Ankayankhira M'nyumba

Maganizo ochoka anandibwerera m'mawa wina nditabereka atate kupita nawo kutchire kuti akadzithandize, iwo akulira kumsana kwanga chifukwa cha manyazi. Anali atafa mbali imodzi, dzanja ndi mwendo wakumanzere. Chaka chimenecho njovu zinatidyera mapira onse, msonkho unali kudikira, ndipo m'nyumba munalibe ngakhale sopo wochapira nsanza zawo. Ndinawakhazika pansi, n'kuyang'ana kumbali, mumtima ndikuti: ndikakhala pano tifera limodzi, bola ndikafune ntchito.

Mwina mudabwa kuti atate ankatani pamudzi wa mkazi wanga. Kwathu kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi. Atate anali mkamwini kwa amayi, ine ndinali mkamwini kwa Esinati, ku Malama. Amayi atamwalira, abale awo anasudzula atate monga mwa mwambo kuti abwerere kwawo. Kwawo kuti? Mudzi wawo unali tsidya la Luangwa, ndipo boma linali litausamutsa kale pamene linapereka dziko lija kwa nyama. Ife timangoti m'Gemu. Pamene anabadwira atate pankagona njati, ndipo ukapondako asikauti olondera nyama ankakumanga. Abale awo anabalalika, ena kaodzera anawatenga. Ndiye ndinawatenga ine, n'kuwamangira kanyumba kuseri kwa nyumba yathu, mlendo kusunga mlendo mnzake pamudzi wa eni.

Esinati sanali mkazi waulesi, ayi. Koma kwa iye atate anali apongozi, ndipo apongozi sayang'anana kumaso. Akakumana panjira wina amapatukira m'udzu. Kulowa m'nyumba imene agona apongozi, kuwaona ali maliseche, kuwagwira thupi, zimenezo sizinkatchulidwa n'komwe. Iye ankaphika, n'kugwada pakhomo, n'kusiya mbale, basi. Mwana wathu Tisa anali akuyamwa. Alongo ake a Esinati anali ku migodi. Choncho kuti ine ndichoke, panafunika mwamuna woti ndizimulipira.

Ndinayenda midzi ingapo. Anthu ankandilandira bwino, koma ndikafika pa nkhani yosambitsa ndi kutaya zonyansa, nkhope zinkasintha. Wina anandiuza mosabisa kuti, "Achimwene, zimenezo munthu amachitira magazi ake okha." Pomaliza anavomera Lazaro, mwamuna wamphamvu amene mkazi anali atamuthamangitsa chifukwa cha mowa, ndipo ankangogona pena paliponse. Ndinamuonetsa mmene angawanyamulire. Tinapangana kuti Esinati azimupatsa malipiro ake mwezi ukatha, pa ndalama zimene ndizitumiza.

Potsanzikana atate anandigwira mkono ndi dzanja lawo lamoyo lija.

"Pita, mwana wanga. Ine sindivuta anthu."

Mawu amenewo ndinawamva ngati ondilimbitsa mtima. Kalanga ine, ndikanadziwa.

Ndinachoka mvula isanayambe, n'kukafika ku Ndola. Ku migodi anandikana, ati chifuwa changa n'chochepa. Ntchito imene ndinapeza, mukhoza kuseka: kusamala nkhalamba ya eni ake. Anali bambo wa mwini sitolo wina, naye wakufa ziwalo. Mayi wa m'nyumbamo anandiphunzitsa kuti munthu wogona samusiya mbali imodzi, umamutembenuza pafupipafupi, apo ayi khungu limaola pamene fupa lagunda pogona. Tsiku lonse ndinkatembenuza mdala uja, kumupukuta, kumupaka mafuta ndi paudala. Iye ankanditukwana m'chinenero chake, ine ndinkamuyankha m'Chikunda, tonse osamvana, zinkayenda choncho.

Koma kusungulumwa kunkandidya. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa sitolo, pakati pa masaka. Panalibe wonditchula dzina, onse ankangoti boyi. Nthawi zina ndikupaka mafuta kumsana kwa mdala uja, manja ankaima okha, ndikuganiza kuti kodi msana wa atate ukugwidwa ndi ndani ola lino. Ndinkadzitonthoza kuti ndi Lazaro, si ndikulipira?

Nkhani zakwathu zinkabwera ndi Jailosi, mnzanga amene ankagula nsomba zouma kuchigwa n'kudzagulitsa m'makomboni. Ndiye ankanditengeranso ndalama. Dzinja lonse misewu inatsekeka, sanabwere. Atabwera anati onse ali bwino, Tisa wayamba kuyenda, Lazaro akugwira ntchito ngakhale Loweruka amasowa. Ndinagona tulo tabwino mlungu umenewo.

Ulendo wotsatira, chilimwe chitalowa, anabwera ndi nkhani ina. Makampu a azungu osaka nyama anali atatsegulidwa cha ku Chinzombo, ndipo Lazaro anali atalembedwa ntchito yotunga madzi ndi kusenda zikopa. Kumeneko kunali nyama tsiku lililonse. Ine ndikanamupatsa chiyani choposa nyama? Ndinapsa mtima zedi, ndinamutukwana Lazaro mpaka Jailosi anandigwira pakamwa. Ndinawonjezera ndalama n'kunena kuti Esinati apeze mwamuna wina msanga, alipire zilizonse angatchule.

"Nanga atate akuti bwanji?"

"Akuti usade nkhawa, ali bwino. Akuti ukasiya ntchito udzawakhumudwitsa."

Nthawi ya kutentha Jailosi anabweranso. Tinakhala pakhonde la sitolo, iye akutafuna nzimbe, ndipo anandiuza mawu omwewo, akuti ali bwino. Koma sankandiyang'ana.

"Wosamala uja anapezeka?"

"Amuna kulibe kumudzi, iwe. Amene sali ku migodi ali ku makampu. Otsala ndi nkhalamba."

"Jailosi, atate unawaona?"

Anati, "Ndinawamva. Ndinaodira pakhomo, anandiyankha bwinobwino, koma anati ndisalowe poti sanavale. Mawu ndi awo ndithu. Koma ntchentche, mnzanga. Ntchentche zili pachitseko paja sindinazionepo."

Ine amene ndinkatembenuza munthu tsiku ndi tsiku ndinadziwa pomwepo chimene ntchentche zinkafuna. Ndinapempha tchuthi, anandikaniza. Ndinamutembenuza mdala uja komaliza, n'kunyamula bulangete langa ndi botolo la mafuta limene ndinagula ndekha, n'kukwera lole.

Ndinafika masana, dzuwa likuswa mtengo. Esinati anali ataonda ngati wadwala. Anagwada, nati, "Mwafika, atate ake a Tisa," n'kuyamba kulira. Kenaka analowa m'nyumba n'kutulutsa kachitini, ndalama zonse za wosamala zili momwemo. Anati anafika mpaka ku Kawaza wapansi, mwana kumsana, kufuna mwamuna woti alembe, osamupeza. Anati kangapo konse anagwada pakhomo la atate n'kupempha kuti alowe atadziphimba kumaso ndi chitenje.

"Anandikaniza. Anati, 'Apongozi, musandichititse manyazi ndili moyo.' Ndikafunsa kuti mwadzuka bwanji, amati ndadzuka bwino. Ine ndikanatani?"

Pakhomo la kanyumba kaja panali mbale ya phala ndi chikho cha madzi pa lichero. Licherolo linali ndi chingwe cholowa pansi pa chitseko. Esinati ankaika chakudya, n'kukankha chitseko pang'ono nkhope atatembenuza, atate n'kukoka chingwe. Anakhala choncho kuyambira tsiku limene Lazaro anachoka.

Ndinaodira. M'kati munamveka mawu aja, aulemu, osanjenjemera.

"Ndili bwino, pitirirani."

"Atate, ndine."

Ndinakankha chitseko, fungo linandibweza m'mbuyo. Maso atazolowera mdima ndinawaona ali pamphasa pomwe ndinawasiya, atatsala mafupa. M'mbali mwa mphasa, mpaka pamene dzanja lawo lamoyo linkafika, pansi ponse panali timaenje tokwiriridwa. Ankakumba ndi supuni kuti mpongozi wawo asaone zonyansa zawo. Malo atatha, anangosiya kudya kwambiri.

Nditawatembenuza, mphasa inatsatira msana. Sindinena zonse zimene ndinaona. Pathako ndi paphewa panali mabowo olowa chibakera, ndipo munali mphutsi. Ndinatuluka, n'kusanza kuseri kwa nyumba, n'kubwerera ndi madzi ofunda ndi mchere. Ndinawatsuka monga ndinkatsukira bambo wa eni ake uja, amene pathupi pake panalibe ngakhale kachilonda kamodzi. Botolo langa la mafuta linalibe poti ndipake.

Mkwiyo unandigwira. Ndinafuula kuti amve ali panja, "Esinati! Munthu kuolera pakhomo pako iwe uli pomwepa?"

Atate anandikoka malaya.

"Leka phokoso. Usamukalipire mwana wa eni. Miyezi yonseyi sanaphonye tsiku, ndipo sanandione nkhope ngakhale kamodzi. Unakwatira kwa anthu, mwana wanga. Mkazi uyu ndi waulemu."

Ankanena monyadira, anthuni. Ankamwetulira. Ndinakhala pansi pakati pa timaenje tija n'kulira mokweza ngati ndili pamaliro.

Kuchipatala kunali kutali, ndipo iwo anakana kunyamulidwa pamachira kudutsa m'midzi ali choncho. Ndinawatembenuza, kuwatsuka, kuwamwetsa phala, koma thupi linali litapita kale. Mwezi sunathe, anamwalira. Anaikidwa m'mphepete mwa manda a abale a Esinati, poti kwawo kunali kwa nyama. Lazaro anabwera kumaliro atanyamula mwendo wa njati wa ndiwo. Anthu anadya, ine sindinaulawe.

Maliro atatha, Esinati analowa m'kanyumba kaja koyamba, kukasesa. Ndinamva tsache litaima. Anatuluka atagwira supuni ija, yopindika, yodzaza dothi, n'kundifunsa kuti inali ya chiyani. Ndinamuuza. Kuyambira tsiku limenelo mpaka imfa yake, zaka zambiri pambuyo pake, sanatchulenso nkhaniyi, ndipo ine sindinamukalipirenso. Ndikanakalipira ndani? Iye anachita zimene anamulangiza amayi ake. Atate anachita zimene anawalangiza akuluakulu awo. Pamudzi ponse ankawatamanda onse awiri.

Ku Ndola sindinabwerereko. Ndinalima, ndinaweza nsomba, ndinabereka ana ena. Tsopano ndine nkhalamba ya pamudzi womwewu. Tisa anatisiya kale. Ana anga aamuna ali ku Lusaka, amatumiza ndalama pafoni, ndipo amandiuza kuti akufunafuna munthu wondisamala, koma anyamata onse ali ku malojii a alendo oona nyama. Pakhomo pano pali mkazi wa mwana wanga wamng'ono, amene anamutenga chitengwa, mtsikana wabwino, wopemphera, woleredwa bwino.

Mwendo wanga wakumanzere wayamba kuchita dzanzi, ndipo m'mawa wina umakana kudzuka. Dzulo mtsikanayo anagwada pakhomo ndi mbale, nati, "Mwaswera bwanji, apongozi?"

Ndinalimba mtima. Ndinati, "Sindinaswere bwino, amayi. Lowani mundithandize kukhala tsonga."

Kunja ndinamva kaphokoso ka mbale ikuikidwa pansi, ndi mawu ake aulemu akuti akaitane mwamuna wina kumudzi wapafupi. Ndinamva mapazi ake akupita. Ndinadzikoka ndekha mpaka pakhomo, n'kutenga mbale ija, ndipo supuni yake sindinaibweze.