Foni ya Enifa Ikanjenjemera

Enifa anakulira ku Ntcheu, m'nyumba imene mwana akaitanidwa ankasiya chilichonse n'kuthamanga kukagwada, asanadziwe n'komwe chimene aitanidwira. Anaphunzitsa Sitandade 3 zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ahedi akamuitana ankasiya choko pakati pa chiganizo. Khalidwe limeneli anakwera nalo ndege mu 2022, pobwera ku Nuneaton, tauni ya kutsidya kwa nyanja, kudzagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo.

Kampani imene inamulemba ntchito ndi imenenso inamupezera visa. Ntchitoyo itati ithe, chilolezo chokhala m'dzikoli chikhala pachiswe, ndipo Enifa sankaiwala zimenezi ngakhale tsiku limodzi. Wogawa ntchito pakampanipo, Reece, sanali munthu woipa mtima ayi. Anangozindikira msanga kuti mwa antchito onse, mmodzi yekha ndi amene amayankha foni isanalire kachiwiri. Wina akajomba, aitane ndani? Enifa. Lamlungu kwaya ili m'kati, aitane ndani? Enifa yemweyo.

M'chaka chachiwiri thupi linayamba kukana. Foni ikangonjenjemera m'thumba la yunifolomu, mtima unkagunda ngati wakwera chitunda chothamanga, m'manja thukuta, m'kamwa gwa. Ngakhale ukhale uthenga wa amayi a kutchalitchi wokumbutsana za mapemphero, thupi silinkasiyanitsa. Chakudya chinasiya kulowa. Tsiku lina akumwetsa tiyi mayi wina wokalamba, dzanja linanjenjemera mpaka tiyiyo anatayikira pabulangete.

Anakadandaula kwa Twambilile, mwana wa achimwene ake amene amaphunzira unamwino mumzinda wapafupi wa Coventry.

"Anti, imeneyo ndi adrenaline," anatero Twambilile. "Ubongo ukamva foniyo ukumayesa kuti kwabwera chilombo, ndiye ukumatumiza timadzi m'magazi toti muthawe kapena mulimbane nacho. Kenako imabwera cortisol, timadzi tinanso, shuga ndi BP n'kumakwera. Thupi linapangidwa kuti lizitero mphindi zochepa, osati two years. Pa day off muziizimitsa."

"Iwe, abwana ndiwazimitsire foni? Akandichotsa pa rota ya ntchito ndilowera kuti?"



Enifa anayesapo kamodzi. Anaitsekera foniyo m'kabati ya kukhitchini n'kukakhala pasofa. Sipanathe mphindi makumi awiri, anayamba kumva kunjenjemera pantchafu pomwe panalibe foni iliyonse. Anapita kukaitenga ali ndi manyazi, ngakhale panalibe womuona.

Lachinayi lina m'mawa, tsiku lake lopuma, Twambilile anachita kumukokera kwa dokotala. Dokotalayo, mayi wofatsa, anamvetsera zonse n'kunena kuti amulembera kalata yoti apume masabata awiri. Anamupana chala ndi kachipangizo kowerenga kugunda kwa mtima, namuuza kuti akhale phee. Kachipangizoko kanalemba 84.

Foni inanjenjemera patebulo, dzina la Reece likuoneka. Onse atatu anaona manambala aja akukwera: 97, 113, 126.

"Isiyeni ilire, anti," ananong'ona Twambilile. "Chonde."

Inalira kachiwiri. Inalira kachitatu. Chibadwire Enifa anali asanalole wamkulu kumuitana katatu. Tsopano ankadziwa zonse zimene zinkachitika m'thupi mwake, mpaka mayina ake omwe, koma kudziwako sikunamuthandize kanthu. Anamva chisoni chachikulu, chodzimvera yekha, misozi n'kulengeza.

Anavula kachipangizo kaja n'kukaika patebulo mwaulemu, pafupi ndi kalata imene dokotala anali asanamalize kulemba. Anaimirira, mawondo atawapinda pang'ono ngati Reece ali m'chipinda momwemo, foni ataigwira ndi manja awiri.

"Yes, Reece," anatero. "Ndibwera. I'm coming."