Bawo la Mathireyi a Mazira

Lachisanu tikavula mayunifolomu a ulonda, tinkakwera basi mpaka ku Naif, dera lina la mumzinda wa Aarabu momwe tinkagwira ntchito, kukamwa tiyi kwa mkulu wina wa ku India yemwe tinkamuitana kuti Chacha. Anatipangira bawo polumikiza mathireyi a mazira, nkhomo zake zili nthanga za tende, zipatso za kanjedza. Tinkatakata, kunyozana, iye akungothira tiyi.

Kenako pafupi pomwepo anatsegula malo a intaneti. Mnzathu wina wa ku Chipata ndiye anatulukira zoti munthu angathe kubetcha mpira ku makampani akunja. Basi, onse anakhamukira komweko. Ine zinkandinyansa, abale! Munthu wamkulu ndi ndevu zake kumapembedza kompyuta? Kwa Chacha ndinatsala ndekha, ndipo bawo sasewera munthu mmodzi. Tsiku lina Chacha anandiuza kuti mwezi ukatha atseka, azibwerera kwawo.

Lachisanu lotsatira ndinangoona wa ku Chipata uja akulowa chothamanga n'kukabisala kuseri kwa firiji.

"Achimwene, zavuta! Boma landigwira! Kompyuta yakana, yangolemba Chiarabu!"

Enanso anafika thukuta lili kamukamu, aliyense akuganiza kuti amupitikitsa m'dziko. Chacha anapita kukadzionera yekha, ndipo anabwerako akuseka mpaka kugwira khoma.

"Khalas, habibi! Basi, abale anga, sakufuna inu ayi. Atseka juga yonse ya pa intaneti."

Mkangano unabuka pomwepo. Ena amati n'zachipembedzo, ena amati boma likuteteza masitolo a konkuno kuti ndalama zisamathawire kunja. Chacha anadziguguda pachifuwa, ati wotetezedwayo ndi iyeyo, ngati kuti nduna zinkadziwa kasitolo kake ka mipando yogwedera. Ine ndinasangalala, sindibisa. Ndinauza wa ku Chipata kuti atuluke, firiji si malume ake.

"Nanga bawo lili kuti?" anafunsa iye akusasa fumbi m'mawondo.

Chacha anakoka katoni yomwe anali atamanga kale ya ulendo wakwawo, nadula chingwe. Pansi pa malaya ake panali mathireyi athu aja, atawakulunga bwino m'nsalu, nthanga zili m'kabotolo. Mkulu uja anali wokonzeka kuwoloka nawo nyanja mathireyi a mazira.

"Yalla, tiyeni," anatero akuyika madzi pamoto, "takatani."