Ndinakana kugwada nanu pamchenga, Amama

Amama, lero padepoti ndaona mayi akupempherera mwana wake basi isananyamuke, ndipo mtima wandibwezera ku Usisya, masiku a Chitaganya, m'mawa umene ndinkapita ku Halale kukafuna ntchito. Abambo anali atatchona komweko zaka zisanu ndi ziwiri, osalemba ngakhale kalata. Bwato lotifikitsa kusitima likudikira, munandigwira pamkono n'kunena kuti, "Gwada, mwana wanga, ndikupereke kwa Chiuta." Anzanga anayamba kuseka. Ine ndinatsomphola mkono wanga n'kukuyankhani kuti, "Abambo mwawapempherera zaka zonsezi, abwera?" Simunandikalipire. Munangoti, "Sanabwere, koma iwe ndi ine tinagonapo ndi njala liti?" Kenaka munagwada nokha pamchenga. Bwato likuchoka munali mukadali chogwada, ndipo ine sindinakweze n'komwe dzanja lotsazika.

Ndinkati ndidzapepesa pobwera, nditakugulirani nsalu. Chaka chisanathe inandipeza kalata ya mkulu wa mpingo, yonena kuti chifuwa chakutengani, ndipo mpaka tsiku lomaliza munkatchula dzina langa ndi la abambo popemphera. Pano ndakalamba, ndinaika m'manda mkazi wanga ndi ana awiri, ndipo chimene chinandigwira kuti ndisagwe ndi Mulungu yemweyo amene ndinakunyozerani. Ndikhululukireni, Amama. Ndinkathamangira chiyani? Sitima ija inanyamuka dzuwa litapendeka, ife titangokhala pamitolo yathu kudikira. Nthawi yogwada nanu inalipo.