Tsiku Limene Tadala Anakuyetsemulirani

Lero mwana wanga Tadala wayetsemula mu minibasi ya ku Lizulu, ine n'kuyamba kuseka ndekha. Ndakumbukira inu alamu anga, anamwino athu. Tadala ali ndi miyezi inayi ndinabwera naye kuchipatala akubanika, atasiya kuyamwa. Munamupisa kathonje m'mphuno kuti akayeze kachilombo ka m'chifuwa kotchedwa RSV, kamene madokotala amakalondola m'maiko onse. Iye n'kukuyetsemulirani kumaso! Munangodzipukuta n'kunena kuti, "Alamu musalire. Mamina awa akukwera galimoto kupita ku Blantyre, pomwe ine chaka chino sindinapondeko." Ndinaseka misozi ili m'masaya. Sabata isanathe anayambanso kuyamwa.

Patha zaka ziwiri chitisiyireni. Tadala pano anakula, amaimba kwaya, mpweya osamuthera. Mukanamumva, bwenzi mukuuza tchalitchi chonse kuti ameneyo ndi wanu.