A Zigamba ndi Timabowo ta pa Masiki

Zaka makumi anayi a Zigamba anakhala pansi pa kashedi ka malata pafupi ndi mphambano, akumata machubu a njinga. Dzina lawo lenileni linkapezeka pa buku la kuchipatala lokha. Mumsewu monse anali a Zigamba. Zida zawo zinali zochepa: beseni lopindika mlomo la madzi akuda, pampu, chitini cha guluu, sizasi yothyoka nsonga ndi kachidutswa ka sandipepala. Luso lawo linali m'khutu. Amisiri anzawo ankayamba aviika chubu m'madzi kuti aone thovu, koma iwo ankangochiyendetsa pafupi ndi tsaya, n'kuloza ndi chala chakuda bii. "Apa." Mpweya wothawa ankadana nawo ngati mbala.

Chodabwitsa n'chakuti mpweya wawo omwe unkawathawa akagona. Anali munthu wathupi, wakhosi lalifupi, ndipo mkonono wawo unkamveka mpaka kuseri kwa mpanda. Unkalira, n'kulira, kenaka n'kuduka, m'chipinda n'kungoti zii. Akazi awo anazolowera kugona khutu lili tcheru. Mkonono ukaduka ankawerenga monong'ona mpaka khumi, kenaka chigongono m'nthiti.

"Bambo, pumani."

"Ndikupuma, aa."

"Munapita inu. Ndakubwezani ndine."

M'mawa akamawathirira tiyi ankawaseka. "Lero ndakubwezani kasanu ndi kawiri. Tsiku lina ndidzangokusiyani, mukaone komwe mumathamangirako."

Koma anatsogola ndi akazi awowo. Anadwala sabata ziwiri zokha, n'kupita, ndipo chigongono chinapita nawo.

Patatha miyezi itatu, mlamu wawo, mchimwene wa malemuwo, amene ankawotcherera zitsulo pa shedi yoyandikana, anawapeza masana akusinza, chubu chili m'manja, mphuno itatsala pang'ono kulowa m'beseni. Anawakoka ndi kolala, n'kuimbira foni mwana wamkazi wa a Zigamba. Mwanayo anawatengera kuchipatala, kumene anagona usiku umodzi atawamata timawaya m'mutu ndi pachifuwa. Dokotala, mnyamata wa tayi yofiira, anati kukhosi kwawo kumatsekeka akagona, ndipo anatulutsa makina aang'ono okhala ndi paipi ndi masiki yophimba mphuno ndi pakamwa, oti aziwapopera mpweya usiku wonse.

Zonsezo anauza mwana. Mwini khosi anali pompo, pa mpando, chipewa chili pa bondo, koma maso a dokotala ankangowadumpha ngati katundu wosiyidwa pa benchi. "Agogowa muziwaveka chonchi. Agogowa asamavule." Ndi mmene zakhalira masiku ano: imvi zikangotuluka, anthu amayesa kuti makutu nawo atha. Anawapatsanso kabuku ka timalemba tating'ono ngati nyerere, kolembedwa m'chilankhulo cha eni makinawo. Za timabowo tisanu ndi kamodzi tomwe tinali kutsogolo kwa masikiyo palibe anatchulako.

Tsiku loyamba lomwelo, atangoyatsa makina, a Zigamba anamva. Fiii. Kamphepo kozizira kanawakhudza pa dzanja. Anavula masiki, n'kuiyendetsa pafupi ndi tsaya, ndipo anapukusa mutu. Awapatsa chinthu chobooka.

M'mawa anapita nayo ku shedi. Anatseka kumbuyo kwake ndi chikhatho, n'kuiviika m'beseni akupopa ndi pampu. Mizere isanu ndi umodzi ya thovu inakwera.

"Mwaona, mlamu? Ana asukulu awa. Sanayese n'komwe."

Wowotcherera uja anakankhira magalasi ake akuda pa mphumi. "Mlamu, za kuchipatala sasewera nazo. Mwayesa ndi njinga ya wogulitsa makala imeneyo?"

"Kuchipatala amadziwa matenda. Mpweya amaudziwa ndine. Inu zanu n'zothetheka basi."

Anadula kachigamba kofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu, n'kukasongola m'mbali. Anapala pang'ono, anapaka guluu, anadikira kuti achite nembenembe, n'kukanikiza. Pa zaka zonse zija sanamatepo chinthu mwaukhondo chotere. Usiku umenewo makina anangoti phee, ndipo iwo anagona ndi mtima wa mmisiri amene wamaliza ntchito.

Anadzuka mutu ukuwawa ngati aumanga ndi waya. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Manja anayamba kulemera, sizasi kumawagwa. Ndipo tsiku lachinayi, dzuwa lili paliwombo, atatukula maso kuchokera m'beseni, anaona akazi awo.

Anali atakhala pa tayala lakale la lole lomwe linali pakona ya shedi, pamene ankakhala nthawi zonse akabweretsa chakudya cha masana. Mpango womwewo wa timaluwa tachikasu. Ankangowayang'ana pachifuwa, milomo ikugwedera pang'onopang'ono. A Zigamba anaizindikira milomoyo. Anali kuwerenga. Atafika pa khumi anazimiririka, patayala n'kutsala fumbi lokha.

A Zigamba sanauze munthu. Akanauza yani kuti asawayese openga? Ndipo kunena zoona, sanafune kuti zithe. Anayamba kupukuta tayalalo m'mawa uliwonse. Masana akazi awo ankabwera, koma kuwerenga kunkatalika: khumi ndi zisanu, makumi awiri. Chigongono sichinasunthe.

Pakutha pa mwezi mwana wawo anawabwezera kuchipatala ndi kakhadi ka m'makina, kamene kamasunga mmene munthu wapumira usiku. Dokotala wa tayi uja anakalowetsa mu kompyuta, n'kukwinya nkhope.

"Mpweya womwe agogowa akukoka ndi wochepa kwambiri," anauza mwanayo. "Akungonyambita. Koma masiki ikugwira bwino, palibe pomwe mpweya ukuthawira."

A Zigamba anawongoka pa mpando. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti ntchito imeneyo ndi yawo. Koma dokotala anali atalemba kale kuti makina awonjezeredwe mphamvu, ndipo anali akuitana wodwala wina. Mawu anabwerera m'mimba. Masekondi asanu okha akanakwana, koma masekondi asanu a munthu wa tayi ndi odula kuposa moyo wa womata machubu.

Zinaipiraipira. Milomo inayamba kuda m'mawa. Tsiku lina anamata chigamba pa chubu chosabooka, mwini njinga n'kuwatukwana. Patayala paja, kuwerenga kunadutsa makumi atatu.

Ulendo wachitatu dokotala kunalibe, anali kumsonkhano. Anawalandira namwino wachikulire wamagalasi omangidwa ndi ulusi. Anayang'ana pa kompyuta, kenaka anachita chimene palibe anachitapo: anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo. Maso ake anagwera pa zala zawo zakuda, za guluu wouma m'zikhadabo.

"Bambo, mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimamata machubu, mayi."

Namwino anatembenukira kwa mwana. "Masiki mwabwera nayo?"

Mwana anaitulutsa m'jumbo. Namwino anaitembenuza, n'kuyendetsa chala pa kachigamba kaja.

"Ee, koma ntchito yake ndi yaukhondo. Ndikanakhala ndi njinga ndikanabwera kwa inu."

"Inali yobooka malo asanu ndi amodzi," anatero a Zigamba, mawu akukwera. "Palibe anaona."

"Ababa!" mwana anagwira pakamwa. "Ababa, mwachita chiyani?"

"Asiyeni, achemwali, palibe anawauza." Namwino anabwerera kwa iwo. "Bambo, chubu sichifuna potulukira chifukwa sichipuma. Inu mumapuma. Mpweya womwe mwaugwiritsa kale ntchito umayenera kutuluka, ndipo khomo lake ndi timabowo timeneti. Mwatseka khomo. Miyezi iwiri yonseyi mwakhala mukumeza mpweya wanu womwe wakutha ntchito. Ndiwo ukukupwetekani mutu ndi kukulefulani, ndipo tsiku lina simudzadzuka."

A Zigamba anayang'ana pansi. Manyazi anawatentha m'makutu. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, "Nanga ndikamatula, zimene munthu amaona masana zimasiya?"

"Mumaona chiyani, bambo?"

"Palibe."

Namwino anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuwaikira masiki m'manja. "Ina yatsopano tilibe mpaka mwezi wamawa. Mwamata ndinu, mumatule nokha, inu ndi amene simungaing'ambe. Koma isafike pankhope panu chigamba chilipo."

Mwana anafuna kuti apite nawo kunyumba, koma iwo anati zida zili ku shedi. Anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Mlamu wawo anali kuseri kwa malata ake, moto wake ukuthetheka. A Zigamba anakhala pa chitsa chawo, masiki pa bondo, sizasi m'dzanja, ndipo sanayambe. Anadikira.

Akazi awo anabwera. Mpango wachikasu, manja pa miyendo, maso pachifuwa chawo. Milomo inayamba. A Zigamba anawerenga nawo limodzi: makumi atatu, makumi anayi. Mumsewu magalimoto anamveka kutali ngati ali pansi pa madzi. Kunali kokoma kungokhala choncho, osachita kanthu.

"Amayi," ananong'ona, "ndikusiyeni kapena mundisiya ndinu?"

Milomo inaima. Pang'onopang'ono, akazi awo anapinda mkono, n'kutukula chigongono.

A Zigamba anakoka mpweya mwamphamvu ngati munthu wovuulidwa m'madzi. Analowetsa nsonga ya sizasi pansi pa chigamba. Chinalimba, poti anamata ndi iwo. Chitamatuka, anatokosa timabowo tonse ndi kawaya mpaka kuwala kunadutsa.

Sabata isanathe mutu unapepuka, ndipo luso la khutu linabwerera m'chimake. Usiku makina amati fiii pa dzanja lawo, iwo amaluma mano n'kuwasiya. Patayala paja sipanabwerenso munthu. Amayang'anabe dzuwa likafika paliwombo, ndipo amapukutabe fumbi m'mawa. Dzana mlamu wawo anabwera ndi kapu ya tiyi, n'kuwerama kuti akhalepo.

"Osati pamenepo, mlamu," anatero a Zigamba osatukula mutu. "Tengani chitsa."