Chithunzi cha Sitima Chochokera ku Beira

Bambo a Tadala, lero ndimapukuta fumbi pachithunzi chakale chija cha sitima ya pamadzi, misozi n'kuyamba yokha. Patha zaka ziwiri chichitikireni ngozi ya thiraki yanu, koma ndikukumbukirabe masana amene munafika nacho kuchokera ku Beira. Ndinakwiya, ndinati, "Anzanu akubweretsa zitenje, inu sitima, kuno ku Mchinji kopanda nyanja?" Munaseka n'kundikhazika pakhonde. Munati wogulitsayo anakuuzani kuti ojambula akale akajambula sitima pakati pa mafunde ankatanthauza moyo wa munthu, amene amanyamuka osadziwa ngati akafike. "Ntchito yangatu imeneyi, mayi a Tadala. Mukachiona muzindipempherera."

Ndivomere, masiku ambiri ndinkangochidutsa ndikuthamangira kumunda, osapemphera. Zimenezi zimandidya mumtima mpaka lero. Tsopano mwana wathu Tadala akufuna kupita nacho kusukulu yogonera komweko, ine ndamukaniza. Iye akuti ndi cha bambo ake, ine ndikuti ndi cha amuna anga, ndipo chiyambire m'mawa sitikuyankhulana. Mukanakhalapo mukanatiseka tonse awiri. Usani mumtendere, amuna anga. Mawa ndimupatsa.